Sefa Imene Ndinasankhira Boti la Chipatala

"Mtsikana iwe, munthu akaima pa windo la stolo n'kunena kuti ndipatse ichi, usayang'ane chimene akuloza. Uziyang'ana chimene akufuna kuti chitsale pa shelefu." Anandichenjeza choncho ndi a Chikaonda, mkulu amene anandiphunzitsa ntchito yosunga katundu, tsiku langa lachiwiri pa ntchito. Ndayamba ndi mawu awowa chifukwa inu ana anga mumati amayi ndi ovuta, mlendo akangotuluka amawerenga masupuni. Zoona ndimawerenga. Werengani kaye zimene ndalembazi, kuseka muziseka pambuyo.

Ntchito yoyamba, ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi

Za ubwana wanga zilibe ntchito pano. Mukudziwa kale kuti agogo anu anachoka ku Dedza kudzagwira ntchito pa esiteti ya mphira kuno kunyanja, ndipo ine ndinakulira m'nyumba za antchito, kudya chinangwa ngati Mtonga weniweni. Poti ndinkalemba bwino, anandiika m'stolo ya esitetiyo. A Chikaonda anali aafupi, makiyi ankamanga m'chiuno ndi chingwe cha chubu cha njinga, ndipo sankakhala pansi wina akalowa. Zimene anandiuza zija ndinaziona ndi maso mwezi usanathe. Kapitawo wina anabwera kudzatenga mipeni ya anthu ake, nati, "Ingondipatsani yakaleyo, yatsopanoyi ndi yobuntha." Ine ndinamuona ngati munthu wodzichepetsa. Pofika Lachisanu bokosi la mipeni yatsopano linali litatuluka ndi mnzake wa kapitawoyo, amene ankasesa m'stolomo. A Chikaonda sanandikalipire. Anangondionetsa malo opanda kanthu pa shelefu n'kubwerera ku ntchito yawo.

Ndinakhala pamenepo zaka zisanu ndi zitatu, ndipo chichokereni mipeni ija ngakhale msomali sunasowe. Ndi m'zaka zomwezo ndinakwatiwa ndi bambo anu. Iwo anapita ku migodi atalumbira kuti abwera pakatha zaka ziwiri. Makalata anabwera anayi. Ndinatsala ndi inu atatu, Esinati, Yohane ndi Mada ali kumsana. Choncho nditamva kuti amishoni akufuna wosunga katundu pa chipatala chawo chaching'ono m'dera la Usisya, ndipo kuti amuna awiri akana chifukwa kulibe msewu, ndinapita ndekha kukapempha. Kunali nyumba yaulere. Dzina la chipatalacho sindilemba.

Ku Usisya, zaka ziwiri zoyamba

Kumbuyo mapiri, kutsogolo madzi. Sitima yaikulu inkafika pa masiku ake, koma munthu akadwala matenda oposa mphamvu zathu pakati pa sabata, njira inali imodzi, boti la chipatala. Linali la matabwa, lopaka zoyera, injini ya dizilo pakati. Ulendo wokafika ku chipatala chachikulu unali wa maola anayi nyanja ikakhala bata. Bwana wathu anali a Gondwe, amene onse ankawatcha adokotala ngakhale sanali dokotala wathunthu. Anali munthu wabwino m'manja koma wamantha. Munthu akatchula boma iwo ankayang'ana kudenga. Zinthu zinkasowa nthawi zonse. Mabandeji tinkachapa mpaka atasanduka ulusi, kwinini tinkadula pakati, majekeseni tinkawiritsa pa mbaula kuseri kwa stolo yanga.

Zinali zaka za chipani chimodzi. Tcheyamani wa chipani m'deralo anali a Manda, ndipo ankakonda kuima pamchenga boti likamanyamuka, kuona makhadi a chipani. Wopanda khadi sankakwera, kaya akutsokomola magazi.

Woyendetsa boti, yemwenso anali makaniko wake, anali a Kamanga. Mtonga wamtali, wolongolola, amene anaphunzira za injini ku migodi ya ku Zambia. Ankavala tayi ngakhale akulowa m'injini, n'kuiponyera paphewa kuti isagwe m'oyilo. M'mawa uliwonse ankaima pa windo langa.

"Mweuli, ama a makiyi? Lero mwagona nawo kapena mwawameza?"

"Mukufuna chiyani, ada?"

"Moni basi. Kapena nawonso ufuna fomu?"

Sindinkawakhulupirira. Ankaseka kwambiri, ndipo mlamu wawo anali ndi boti la injini lophera nsomba ku Tukombo. Dizilo ndinkayeza ndi ndodo asananyamuke, n'kuyezanso akabwera. Zaka ziwiri zonsezo sindinapeze dontho lasowa. Munthu wina akanati bamboyu ndi wokhulupirika. Ine ndinkati ndi wochenjera kuposa ndodo yanga.

Chaka chachitatu, mwezi wa Juni

Injini ya boti ngati limenelo imazizira ndi madzi a m'nyanja momwemo. Madzi amalowera pabowo la pansi pa boti, n'kudutsa pa sefa yogwira zinyalala, kenako pampu imawakankhira m'injini, n'kutulukira pa paipi ya kumbuyo. Madziwo akasiya kuyenda, injini imapsa. Sefa yathu yakale inang'aluka. A Kamanga anaimanga ndi mphira, anaimata ndi phula, koma inkayamwabe mpweya. Tinalemba kalata ku likulu la mishoni, ndipo patatha milungu isanu sitima inabweretsa bokosi. Munali masefa awiri ochokera m'katundu wa mphatso wa kunja, ndi kalata yoti tisankhe imodzi, inayo tiibweze sitima ikamabwerera chifukwa ikufunika pa boti lina.

Ndinawaika pa tebulo. Ina inali ya mkuwa yokhayokha, yolemera, yonyezimira, chivindikiro chake chomangidwa ndi mabawuti anayi. M'kati munali kawaya kosalala, mabowo ake aang'ono ngati a nsalu. Inayo inali yaikulu, yosaoneka bwino, yogwirapo kale ntchito. Chivindikiro chake chinali cha galasi chotsegula ndi dzanja, ndipo kadengu ka m'kati kanali ndi mabowo oti njere ya mpunga n'kudutsa.

A Kamanga sanachedwe n'komwe. "Yagalasiyo, ama. Musavutike n'kuganiza."

Mumtima ndinati eya, zayamba. Akuloza yakale kuti yamkuwa itsale, ndipo bokosi lopita ku sitima amanyamula ndi iwo. Ikafika kwa mlamu wawo ku Tukombo imeneyi, likulu silidzaionanso.

"Yatsopano ilipo, mufuniranji yakale?"

"Poti ndimaona m'kati. Ndili pa chiwongolero ndimangosuzumira, ndaona yadzaza, ndazimitsa, ndatsegula, ndakhuthula, tikupita. Iyo yokongolayo mpaka sipanala, mabawuti anayi, boti likugwedezeka. Ndiye mabowowo ndi aang'ono kwambiri."

"Ine ndasefa ufa wa chinangwa kuyambira ndili mwana," ndinatero. "Sefa ya mabowo aakulu ndi ya mkazi waulesi. Sefa yabwino ndi imene siphonya kanthu."

Anaseka mpaka anagwira chitseko. "Ama, injini si mwamuna wanu kuti idandaule kuti m'kondowole muli timiyala. Iyi imamwa ngati ng'ombe. Tinthu ting'onoting'ono imameza n'kulavula kumbuyo. Chimene sifuna ndi ludzu. Lero madzi ndi oyera chifukwa ndi nyengo yozizira. Dikirani mvula ibwere, nkhungu igwe pamadzi. Kansalu kanuko kadzatseka musanamalize kupemphera."

Nkhungu ndinkaidziwa, touluka ting'onoting'ono timene timatuluka m'nyanja ngati utsi nthawi ya dzinja, timene amayi a kunyanja amakola ndi malichero onyowa n'kuumba zikondamoyo za ndiwo. Koma zoti tizilombo tofewa choncho tingaimitse injini ya chitsulo ndinaziona ngati nthano yopekera mkazi wosadziwa makina. Ndipo mawu aja a mwamuna anandibaya, ngakhale mwina iwo sanaganize n'komwe za bambo anu.

Tinapita kwa a Gondwe. Anayang'ana sefa iyi, anayang'ana iyo. "Za m'stolo ndi za amayi, za injini ndi za a Kamanga. Ine ndili ndi odwala panja." Koma fomu yotulutsira katundu ndinkalemba ndine, ndipo a Gondwe ankasaina chilichonse chimene ndalemba. Ndinalemba yamkuwa. A Kamanga anasiya kuseka. Anapempha fomuyo n'kulemba pansi pake ndi dzanja lawo kuti, "Ndamanga iyi mosafuna. Ine ndinapempha yagalasi." Anasaina. Ine ndinaiika m'faelo, ndipo bokosi la sefa yagalasi ndinanyamula ndekha pamutu mpaka m'manja mwa kalaliki wa sitima.

Miyezi isanu ndi umodzi boti linayenda bwinobwino. Likabwera ndinkawafunsa, "Yatseka, ada?" Iwo ankangoti, "Sinatseke, ama." Ndinkalowa m'stolo ndili wokhuta.

Januwale wotsatira

Mwana wamkazi wa a Manda, amene tinkamutcha NyaManda, anali ndi pakati poyamba. Anavutika masiku awiri mwana osatuluka. M'mawa wa tsiku lachitatu anesi athu, a NyaMhone, anati basi, uyu ndi wa mpeni, tiyeni ku chipatala chachikulu. Ine ndinakwera nawo kuti ndikatenge mankhwala. Tinalimo asanu: a Kamanga, anesi, wodwala atagona pa matiresi, mayi ake, ndi ine. Tsiku limenelo a Manda sanafunse khadi la munthu. Anakankha nawo boti madzi mpaka m'chiuno.

Titayenda ngati ola limodzi tinaiona. Mizati ya nkhungu itaima panyanja, isanu kapena isanu ndi umodzi, ngati kwinakwake pansi pa madzi akuotcha tchire. A Kamanga anakhotera kumtunda kuti ailambalale, koma ya dzulo lake inali itagwa kale. Madzi anali ofiirira, atayalidwa tizilombo takufa ndi makoko ake kufika kumene maso amalekeza. Ina yamoyo inatipeza, kulowa m'mphuno, m'maso. Anesi anaphimba nkhope ya wodwala ndi chitenje.

A Kamanga ankangotembenuka kuyang'ana paipi ya kumbuyo. Madzi atayamba kuchepa anazimitsa injini, anagwada, sipanala, mabawuti anayi. Kawaya kanatuluka katamatidwa ngati phala. Anakatsuka, anamanga, tinapita. Sitinapite patali, anazimitsanso. Ulendo wachiwiriwu bawuti imodzi inawapulumuka n'kugwera m'madzi a pansi pa injini, ndipo anaifufuza ndi zala nthawi yaitali. Zotsukira zinatha. Anavula tayi yawo n'kupukutira kawayako.

Titanyamukanso anesi anakweza chitenje cha kumiyendo, anayang'ana, n'kunena motsitsa mawu, "Ada, magazi ayamba. Musaimenso, chonde."

"Ndikapanda kuima ipsa, mama."

"Mukaimanso afa. Patsala patali bwanji?"

"Tikangodutsa mwala uwo madzi ayera."

Anapitiriza. M'kati mwa sefa sankaonamo, ankangoyerekeza. Tinatsala pang'ono kufika pa mwalawo. Paipi ya kumbuyo inauma, kenako fungo la mphira wopsa. Anazimitsa msanga, injini sinafe, koma atatsegula pampu, kamphira kozungulira kamene kamakankha madzi kanali katanyenyeka chifukwa choyenda pouma. Kena kanalibe. Ndinali nditakapempha ku likulu kawiri, osabwera.

Munali nkhafi ziwiri. A Kamanga anagwira ina, ine ina, koma boti lolemera choncho silimva nkhafi. Kumtunda kunali matanthwe okhaokha, kopanda mudzi. Dzuwa linafika pamutu. Mayi ake a NyaManda ankamuimbira nyimbo ya kutchalitchi m'Chitonga, mtsikanayo ankangopempha madzi. Asodzi a mabwato atatu anationa dzuwa litapendeka n'kuyamba kutikoka ndi zingwe. NyaManda anamwalira tisanafike pamchenga uliwonse, mwana ali m'mimba. Mayi ake sanalire nthawi yomweyo. Ankangomuchotsa nkhungu m'tsitsi, kamodzikamodzi.

Ulendo wonse wobwerera a Kamanga sanandiyang'ane, ndipo sananene kuti ndinakuuzani.

Sabata ya pambuyo pa maliro

Mphekesera inayamba pamaliro pomwepo. Akuti a Kamanga anazimitsa dala injini katatu. Akuti chaka chatha anakangana ndi a Manda pamchenga za kufunsa makhadi kwa odwala, zimene zinali zoona. Akuti munthu wokhala ku Zambia zaka zonsezo sangalephere kudziwana ndi oukira boma amene anathawira komweko. Masiku amenewo mawu atatu oterowo ankakwana kumuchotsa munthu pakhomo pake. Kenako tinamva kuti kukubwera anthu a ku boma kudzafunsa.

M'mawa wa tsikulo a Kamanga anaima pa windo langa. Analibe nthabwala.

"Ama, fomu ija ilipo? Ija ndinalembapo?"

"Ndifufuza, ada."

"Mufufuze. Sikuti ndikufuna kukuikani m'mavuto. Ndikungofuna aone kuti ndi sefa, si ine."

Panalibe chofufuza. Inali m'faelo yachitatu kuchokera kumanzere. Ndinaitulutsa, ndinaiwerenga. Pamwamba dzanja langa, pansi dzanja lawo. Ndinadziwa kuti a Manda akufuna munthu womuimba mlandu, ndipo pepalalo likangooneka munthuyo ndine, mkazi wobwera, wopanda mwamuna, wopanda mbale m'dera lonselo. Mwina akanangondichotsa ntchito. Mwina akanati ndinatumidwa. Sindinadziwe, ndipo mpaka lero sindidziwa. Iwe Esinati unali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Ndinadzifunsa kuti akanditenga, madzulo ano akuphikirani ndani. Ndinaganizanso kuti a Kamanga ndi mwamuna, ndi kwawo kuno, abale awo awalankhulira. Ndipo ndisabise, kamtima kena kankandiuzabe kuti bamboyu analemba mawu aja dala kuti adzandikole tsiku ngati limeneli. Kuseri mbaula ya majekeseni inali ikuyaka. Ndinanyamula poto, ndinaika pepala pamakala, ndinabwezera poto.

Anabwera atatu, anakhala mu ofesi ya a Gondwe. Wamkulu wawo sanavule magalasi akuda. A Kamanga analongosola zonse, nkhungu, kawaya, pampu, ndi kuti iwo anapempha sefa ina.

"Tizilombo tophika ndiwo taimitsa injini ya chipatala?" anatero wa magalasi. Anzake anaseka. Kenako anatembenukira kwa ine. "Mayi, sefa imeneyi anasankha ndani?"

"Bwana, ine ndimangotulutsa katundu. Za injini sindizidziwa."

"Akuti pali pepala."

"Ndafufuza, bwana. Sindinalipeze."

A Gondwe, amene anasaina pepalalo ndi dzanja lawo, ankayang'ana cholembera chawo pa tebulo. A Kamanga anandiyang'ana, koyamba chichokereni panyanja paja.

"Mwayang'ana bwino, ama?"

"Ndayang'ana, ada. Palibe."

Anagwedeza mutu pang'ono. "Yewo," anatero mothokoza, ngati ndawapatsa madzi akumwa.

Anapita nawo masana omwewo pa boti la apolisi. Mkazi wawo anathamanga ndi jekete mpaka m'madzi koma sanaloledwe kuwapatsa. Abale amene ndinkati awalankhulira aja anatseka zitseko, aliyense anali ndi ana ake. Patapita zaka zisanu kunabwera uthenga wapakamwa kuti anamwalira ndi chifuwa kundende ina kummwera. Mtembo sunabwere.

Zaka zotsala pa ntchito

Patangotha miyezi itatu chiwatengereni, sitima inabweretsa bokosi lomwe lija. Sefa yagalasi sinakwane pa mapaipi a boti linalo, choncho anatibwezera. Woyendetsa watsopano anaiona, anati iyi ndiye yake ya nyanja ino, anaimanga tsiku lomwelo. Inagwira ntchito dzinja lililonse mpaka botilo linaola matabwa. Ine ndinakhala ku Usisya zaka zina khumi ndi zisanu ndi chimodzi. A Gondwe anasamutsidwa, sitinayankhulanepo za tsikulo ngakhale potsanzikana. Popuma ntchito anandipatsa wotchi ya pakhoma, ndipo abusa ananena pamaso pa anthu kuti m'stolo ya mayi awa simunasowepo kanthu. Anthu anaomba m'manja. Ine ndinkawayang'ana mmodzimmodzi kuti ndione amene akudziwa.

Lero, kuno ku Chintheche

Nyumba iyi mukuidziwa, ngakhale mwatenga nthawi osabwera. Maso akuchita mdima, tsamba limodzi likunditengera tsiku. Mtsikana amene munanditumizira kuti azindithandiza ndinamubweza, ankayang'anayang'ana m'makabati.

Pamsika pano pali mayi wogulitsa nsomba, wamtali, wa mpata kumano. Ndi NyaKamanga, mwana wawo wotsiriza, amene anali woyamwa tsiku limene anawatenga. Anandizindikira ndi dzina. Ndikamadutsa amaimirira. "Mweuli, agogo? Awa ankagwira ntchito ndi ada anga," amauza anzake. Ndikagula mulu umodzi wa usipa amaonjezera wina, ndikakana amandikankhira m'jumbo. Mwezi watha anandigwira dzanja nati, "Agogo, tsiku lina mudzandiuze, ada ankaseka bwanji? Ine sindiwakumbuka." Ndinati ndidzakuuza. Chiyambire tsikulo ndimazungulira njira ya kuseri kwa mabasi, koma Loweruka anabwera yekha mpaka pakhonde ndi nsomba m'mbale. Sindidziwa ngati ndi mtima wabwino chabe kapena mayi ake anamuuza kanthu asanamwalire, ndiye akudikira kuti ndiyambe ndine. Nsombazo ndimapatsa mphaka wa aneba.

Ndayesa kawiri kupita kukamuuza, koma ndikafika pa mpopi ndimabwerera. Ndekha sindingathe, ndipo munthu wa kunja sindingamutume. Esinati, Yohane, Mada, mmodzi wa inu abwere. Musatumize katundu pa minibasi, musaimbe foni ya aneba, bwerani ndi thupi lanu mudzandione. Mudzandigwire mkono mpaka pa benchi ya mayi uja, kenako mudzaime pambali. Mukafika gogodani katatu n'kutchula dzina lanu mokweza, apo ayi sinditsegula.